Oyeza Madzi a Mosi-oa-Tunya

Mu Ogasiti 1860, munthu wina anagona chafufumimba pathanthwe la m'mphepete mwa phompho la Mosi-oa-Tunya, mutu uli lende kunja, maso ali pansi. Anzake anali kumbuyo kwake akutsitsa chingwe pang'onopang'ono. Kunsonga kwa chingwecho anamangako zipolopolo zingapo kuti chilemere, ndiponso kansalu ka bafuta kuti chizioneka mkati mwa nkhungu ya madzi. Chingwe chitatsika mafiti 310, omwe ndi mamita pafupifupi 94, zipolopolo zija zinakatsamira pamwala wotulukira m'khoma la phompholo, madzi akadali pansi ndithu. Apa ndi pamene anaima. Gulu limeneli linali la David Livingstone, mng'ono wake Charles, dokotala John Kirk ndi Amakololo amene ankabwerera kwawo kuchokera ku Tete.

Livingstone anali atafikapo kale pamalowa pa 16 Novembala 1855, ndipo ulendo woyambawo anangoyeza ndi maso. Anati mtsinje wa Zambezi ndi wotambalala mayadi 1,000 ndipo madzi amagwa mafiti 100. Zonse ziwiri anachepetsa kwambiri. Pa ulendo wachiwiri anapeza kuti m'lifupi mwa mathithi ndi mayadi opitirira pang'ono 1,860, koma anagwirizana kusunga nambala ya 1,860 chifukwa inkafanana ndi chaka chimene anayezera. Lero mabuku amati mathithiwa ndi otambalala mamita 1,708 ndipo pozama kwambiri ndi mamita 108. Nambala ya Livingstone sinali kutali ndi choona, komabe ndi bwino kukumbukira kuti inadutsa m'manja mwa munthu amene anaidulira pamene anafuna kuti ikumbukike mosavuta. Nambala zonse za mtsinjewu zimene zinabwera pambuyo pake zinadutsanso m'manja mwa anthu.

Eni dziko sanadikire chingwe kuti adziwe madzi awo. Aleya a kwa Mukuni ndi a kwa Sekute, amene ankaolotsa anthu ndi mabwato kumtunda kwa mathithi, ankawerenga mtsinje poona miyala imene yaonekera, zilumba zimene munthu angafikeko, ndi kutalika kwa utsi wa madzi umene umaoneka uli kutali. Atonga amatcha malowa Shungu namutitima, ndipo dzina la Mosi-oa-Tunya linabwera ndi chilankhulo cha Amakololo. Kwa Mukuni, nkhani za mvula zili m'manja mwa Bedyango, mayi wamkulu wa mwambo amene amalamulira limodzi ndi mfumu. Nzeru zimenezi zinali zokwanira kwa mlimi, msodzi ndi wopalasa bwato. Chimene zinalibe ndi pepala loti munthu wa zaka makumi asanu m'tsogolo akayerekeze madzi a chaka chake ndi a chaka cha agogo ake, tsiku ndi tsiku.

Pepalalo linabwera ndi njanji.

Azungu oyamba kukhazikika kuno anamanga pa Old Drift, padooko la kumtunda kwa mathithi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Malowo anali a chinyontho, odzaza udzudzu, ndipo malungo anatha anthu ambiri. Manda awo alipobe mkati mwa paki ya Mosi-oa-Tunya. Mlatho wa njanji wa pa mathithi utamangidwa, tauni inasamukira pamtunda wa mchenga pamene ili lero. Mlathowo, umene zitsulo zake zinasulidwa ndi kampani ya Cleveland Bridge ku Darlington, unatsegulidwa pa 12 Sepitembala 1905, ndipo amene anautsegula sanali bwanamkubwa kapena msilikali. Anali George Darwin, mwana wa Charles Darwin, yemwe chaka chimenecho ankatsogolera bungwe la asayansi la British Association pa ulendo wake wa kumwera kwa Africa. Ntchito ya moyo wake ku Cambridge inali masamu a kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja zamchere: kutenga miyeso yambirimbiri ya pamadoko n'kupezamo dongosolo. Patangotha zaka ziwiri, mu 1907, kulemba msinkhu wa Zambezi pa mathithi kunayamba, ndipo mndandanda umenewo ndi umodzi mwa mindandanda yaitali kwambiri ya mitsinje ya m'chigawo chino cha Africa.

Tauniyo, ya Livingstone, inakula msanga. Inakhala likulu la North-Western Rhodesia mu 1907, kenaka la Northern Rhodesia yonse kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka. Likulu limafuna alembi, amithenga ndi apolisi, ndipo ambiri mwa iwo ankachokera ku Nyasaland ndi kum'mawa kwa dzikolo. Mpaka lero Chinyanja chimamveka pamsika wa Maramba pakati pa Chitonga ndi Chilozi. Boma la atsamunda linkakonda kuwerenga chilichonse: misonkho, ng'ombe, anthu, mvula. Pa boma, pa mishoni, pa siteshoni ya sitima ndi pa mafamu pankaima kachitini koyezera mvula, kokhala ndi fanulo pakamwa. M'mawa wina ankatsanulira madziwo m'kagalasi ka mizere, n'kulemba nambala m'buku, ndipo mwezi ukatha pepala linkatumizidwa ku ofesi. Ambiri mwa oyezawo sankalandira kanthu pa ntchitoyi. Mphunzitsi wa ku mishoni kapena mlimi ankangodziwa kuti nambala yake ikaphatikizidwa ndi za ena mazana, ndipo pamodzi zidzanena zimene iye yekha sangazione ali pakhomo pake.

Ntchito ya woyeza mtsinje imafanana ndi imeneyi. Pagombe pamazikidwa ndodo yolembedwa mizere ndi manambala. Woyeza amafika m'mawa, amagwada kuti diso lilingane ndi madzi, amadikira kafunde kadutse, n'kulemba. Komatu ndodo imangonena msinkhu, sinena kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Kuti apeze kuchulukako, akatswiri amapita ndi bwato n'kuyeza liwiro la madzi ndi kuzama kwake malo angapo kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lina, pa nyengo zosiyanasiyana, mpaka atapanga tchati chonena kuti msinkhu wakuti ndiye makiyubiki mita akuti pa sekondi. Tchaticho chimakhala chodalirika pa madzi a masiku onse. Pa chigumula chachikulu, pamene bwato silingayerekeze n'komwe kulowa, nambala imachokera pa kutalikitsa mzere wa tchati kupyola pamene anayezapo. Choncho nambala zimene zimachititsa mantha kwambiri ndi zomwenso zili ndi chikaiko chachikulu.

Pali chinanso chimene mlendo wofika pa mathithi sadziwa. Madzi amene akuwaona si mvula ya ku Livingstone. Tauniyi ili m'dera louma, lolandira mamilimita pafupifupi 700 pachaka. Zambezi amayambira kutali kumpoto chakumadzulo, kufupi ndi Kalene Hill, kumene mvula imagwa mowirikiza kawiri, amadutsa mu Angola, n'kubwerera mu Zambia cha ku Chavuma. Akafika m'chigwa cha Barotse amatambalala, amachedwa, amadzaza madambo mpaka Litunga, mfumu ya Alozi, asamuke pa mwambo wa Kuomboka. N'chifukwa chake mathithi amafika pachimake cha m'ma Epulo, mvula itasiya kale, ndipo amachepa kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Dera lonse lothira madzi ake pa mathithiwa limaposa masikweya kilomita 500,000. Pa avareji pamadutsa makiyubiki mita opitirira pang'ono 1,000 pa sekondi, koma avarejiyo imabisa zambiri, pakuti madzi a mu Epulo amatha kuposa a mu Novembala kakhumi.

Phindu la mndandanda wa 1907, komanso malire ake, zinaonekera pomanga damu la Kariba. Amisiri a m'ma 1950 anali ndi miyeso ya zaka zosakwana 50, ndipo zambiri mwa zakazo zinali za madzi ochepa. Pa miyeso imeneyo anawerengera kukula kwa chigumula chimene khoma lingakumane nacho. Mu 1957 Zambezi anadzaza kuposa mmene anayembekezera n'kumiza malo ogwirira ntchito. Mu 1958 anabweranso ndi ukali woposa pamenepo, makiyubiki mita pafupifupi 16,000 pa sekondi pa Kariba, nakokolola mlatho wa pamalopo. Atonga a m'chigwa cha Gwembe, amene anthu awo pafupifupi 57,000 ankasamutsidwa mokakamiza, anati ndi mkwiyo wa Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewu. Amisiri anabwerera ku mapepala awo n'kuwonjezera zipata zotulutsira madzi kufika pa zisanu ndi chimodzi. Masamu awo sanali olakwika. Mtsinje unali usanawaonetse nkhope zake zonse.

Lero, poyang'ana zaka zoposa 100, nkhopezo zimaoneka bwino. Zaka makumi oyambirira zinali zoonda. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mpaka cha m'ma 1980 mtsinje unanenepa. Kenaka unaondanso, ndipo m'ma 1990 unafika pansi kwenikweni, makamaka nyengo ya 1995 ndi 1996. Dominic Mazvimavi ndi Piotr Wolski, mu kafukufuku wawo wa 2006 wa Zambezi ndi Okavango, anasonyeza kuti mitsinje iwiriyi imayenda m'nyengo zazitali chonchi, za zaka makumimakumi. Munthu amene anakulira ku Livingstone m'ma 1960 ndi amene anakulira m'ma 1990 akamakangana za mmene mathithi "ankakhalira kale", onse awiri akunena zoona.

Funso la masiku ano ndi lovuta kuposa la amisiri a Kariba. Iwo ankafuna kudziwa zimene mtsinje unachitapo. Ife tikufuna kudziwa zimene udzachite m'dziko limene likutentha chifukwa cha utsi wa malasha ndi mafuta, dziko limene palibe woyeza aliyense analionapo. Ndodo ya pagombe singayankhe zimenezo. Apa ndi pamene mtundu watsopano wa anthu odzipereka unalowa m'nkhaniyi, anthu amene ambiri a iwo sanaupondepo mchenga wa Zambezi.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, asayansi anazindikira kuti makompyuta mamiliyoni a m'nyumba ndi m'maofesi amakhala oyaka koma osagwira ntchito nthawi yaitali. Mu Meyi 1999, gulu la pa yunivesite ya California ku Berkeley linayambitsa SETI@home: munthu ankatsitsa kapulogalamu, kompyuta yake n'kumalandira tizidutswa ta mafunde a wailesi ochokera kuthambo, kuwasanthula, n'kubweza yankho. Anthu oposa 5 miliyoni analowa nawo. Kuchokera pamenepo David Anderson anapanga BOINC, njira yoti wasayansi aliyense agawire ntchito yake kwa anthu odzipereka. Chaka chomwecho cha 1999, Myles Allen wa ku Oxford analemba m'magazini ya Nature kuti njira yomweyi ingagwire pa zanyengo, ndipo mu Sepitembala 2003 climateprediction.net inatsegulidwa kwa anthu onse.

Chimene wodzipereka ankalandira linali dziko loyerekeza lathunthu, lochokera ku Hadley Centre ya ku Britain. Pagalasi la kompyuta pankaoneka mpira wa dziko ukuzungulira, mitambo ikuyenda, zaka zikudutsa. Dziko lililonse linali losiyana pang'ono ndi la mnzake, ndipo kusiyanako kunali kwadala. Pali zinthu zina, monga mmene mtambo wa mvula umasakanikirana ndi mpweya wouma wouzungulira, zimene asayansi sadziwa nambala yake yeniyeni. Amangodziwa kuti ili pakati pa apa ndi apo. M'malo mosankha nambala imodzi, anagawa zonse zotheka kwa anthu zikwizikwi. Kompyuta iliyonse inkayendetsa dziko lake zaka 45 zoyerekeza, ntchito ya masabata angapo, ndipo m'gawo lomaliza mpweya wa kaboni unkawirikizidwa kawiri kuti aone kutentha kudzakwera bwanji. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo dziko limodzi loyerekeza silinena kanthu. Tanthauzo lili pa mmene mayankho onse amwazikira.

Mu Januwale 2005 zotsatira zoyamba zinatuluka mu Nature, David Stainforth akutsogolera olemba. Anthu oposa 90,000 anali atalembetsa, ndipo mayiko oyerekeza oposa 2,000 anasanthulidwa. Ambiri anasonyeza kuti kutentha kungakwere ndi madigiri pafupifupi 3.4, zimene zinkagwirizana ndi zomwe asayansi ankanena kale. Ochepa anatsika mpaka pansi pa madigiri 2. Ochepanso, kunsonga kwenikweni, anakwera kupyola madigiri 11. Manyuzipepala anatola 11. Mitu ya nkhani inamveka ngati asayansi alosera kuti dziko lidzatentha ndi madigiri amenewo, pamene kafukufukuyo ankangonena kuti, ndi miyeso imene anali nayo, sakanatha kutsutsiratu mayiko otentha kwambiriwo. Chaka chotsatira pulogalamu ya wailesi ya BBC inadzudzula mmene nkhaniyi inalengezedwera, ndipo mkangano wake unatenga nthawi. Lipoti la 2021 la IPCC, gulu la akatswiri a zanyengo a mayiko onse, litaphatikiza maumboni amitundu yambiri, linaika nambalayi pa madigiri 3, mwina pakati pa 2.5 ndi 4.

Nambala ya 11 sinali yabodza. Inali ngati chigumula cha pa tchati cha woyeza mtsinje: ili kumapeto kwa mzere, kumene umboni ndi wochepa. Kuifalitsa yokha, popanda zinzake zikwi ziwiri, kunali kulakwira anthu amene anapereka makompyuta ndi magetsi awo, chifukwa ntchito yawo yonse inali yosonyeza mulu wonsewo.

Panalinso mavuto a mtundu wina. Kodi yankho lochokera m'chipinda cha munthu wosadziwika ungalikhulupirire bwanji? Mapulojekiti ambiri a BOINC amatumiza ntchito imodzi kwa makompyuta awiri kapena atatu, ndipo amalandira yankho pokhapokha akagwirizana, monga mmene bwalo la mfumu silimvera mboni imodzi. Pa zanyengo izi n'zovutirapo, chifukwa kasiyanidwe kakang'ono ka masamu pakati pa makompyuta awiri kamakula mpaka mvula ya tsiku lakuti isiyane. Gulu la ku Oxford linafufuza zimenezi ndipo mu 2007 linasonyeza kuti mtundu wa kompyuta umasintha zotsatira pang'ono chabe poyerekeza ndi nambala za mitambo zija. Mayiko ena oyerekeza ankazizira mosayenera asanafike n'komwe pa gawo la kaboni, ndipo ankachotsedwa. Cholakwika chachikulu kwambiri sichinachokere kwa odzipereka ayi. Mu 2006, pa kafukufuku wina wochitidwa mogwirizana ndi BBC, zinadziwika patatha miyezi iwiri kuti fayilo ya tinthu ta utsi wa salufa, timene timabweza kuwala kwa dzuwa, inali ndi vuto, ndipo mayiko oyerekeza ankatentha mofulumira kwambiri. Asayansiwo anavomera poyera ndi kuyambitsanso ntchito ya anthu zikwi zambiri. Kuvomera kumeneko kuyenera ulemu, chifukwa kubisa kukanaononga chinthu chokhacho chimene ntchito yotere imaimirapo.

Kwa munthu wa ku Livingstone, vuto lenileni la dziko loyerekeza loyambalo linali kukula kwa mabokosi ake. Dziko linagawidwa m'zigawo za makilomita pafupifupi 400 m'litali ndi 280 m'lifupi, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi nambala imodzi ya mvula. Bokosi lotere likhoza kumeza mtunda wochokera ku Livingstone, kudutsa Kalomo ndi Choma, mpaka cha ku Mazabuka, ngati kuti ndi munda umodzi. Aliyense wa kuno amadziwa kuti mvula imatha kugwa ku Dambwa, ku Libuyu kuli gwaa. Mu 2010 pulojekitiyi inabala mwana, weather@home, amene amaika mabokosi ang'onoang'ono a makilomita pafupifupi 50 pa dera losankhidwa. Mwa madera atatu oyamba panali Ulaya, kumadzulo kwa United States, ndi kumwera kwa Africa, mogwirizana ndi asayansi a yunivesite ya Cape Town. Kuyambira pamenepo mitambo ya pamwamba pa Zambezi yakhala ikupangika ndi kugwa kambirimbiri m'makompyuta a anthu a ku mayiko akutali.

Njira yake ndi yosavuta kuimva. Nyengo imodzi, tinene dzinja la chaka chakuti, imayendetsedwa maulendo zikwi zingapo m'dziko monga lilili. Kenaka imayendetsedwanso maulendo zikwi zingapo m'dziko limene utsi wa anthu wachotsedwamo. Ndiye amawerenga: chilala choopsa chatuluka kangati uku, kangati uko? Chilala cha ku Cape Town cha 2015 mpaka 2017, chimene chinatsala pang'ono kuumitsa mipopi ya mzinda wonse, chinafufuzidwa motere, weather@home ili pakati pa zida zimene zinagwiritsidwa ntchito. Friederike Otto ndi anzake, kuphatikizapo Piotr Wolski yemwe uja wa mndandanda wa Zambezi, anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunachulukitsa mpata wa chilala chotere pafupifupi katatu. Sananene kuti utsi ndiwo unabweretsa chilalacho. Anati unachititsa kuti chibwere kawirikawiri.

Kusiyana kwa mawu awiriwa kunafika pakhomo pa Livingstone mu 2019. Mvula ya nyengo imeneyo inali yoperewera kwambiri kumwera ndi kumadzulo kwa Zambia, ndipo madzi pa mathithi anatsika kuposa chaka chilichonse chiyambire 1995. Mu Okutobala, Pulezidenti Edgar Lungu anaika pa Twitter zithunzi za matanthwe ouma, nati ndi chikumbutso cha zimene kusintha kwa nyengo kukuchita. Mu Disembala makanema ndi manyuzipepala akunja anadzaza dziko ndi nkhani yoti mathithi akuuma. Alendo ena anayamba kufuta maulendo awo. Amahotela, operekeza alendo ndi ogulitsa ziboliboli anakwiya, ndipo anayamba kufalitsa zithunzi zawo za madzi akugwa.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi chithunzi choona. Gawo la kum'mawa, la ku Zambia, lotchedwa Eastern Cataract, limauma pafupifupi chaka chilichonse m'nyengo yotentha chifukwa mlomo wa thanthwe ndi wokwera kumeneko, komanso madzi ena amapatutsidwa kupita ku makina a magetsi a pa mathithi, amene anayamba mu 1938 ndipo lero amapanga mamegawati 108. Imeneyi ndiyo nyengo imene alendo amafika pa Livingstone Island ndi kusambira mu Devil's Pool. Mbali ya ku Zimbabwe, Main Falls ndi Devil's Cataract sizinasiye kugwa. Komanso chilalacho chinali chenicheni: nkhokwe zinali zopanda kanthu ku Gwembe ndi ku Kazungula, ndipo Kariba anatsika mpaka magetsi kumazima maola ambiri patsiku. Amene anali ndi yankho labwino anali a Zambezi River Authority, bungwe la mayiko awiriwa limene linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo limasunga mndandanda uja. Nambala zawo zinkati chaka n'choipa, chimodzi mwa zoipitsitsa, koma osati chachilendo m'mbiri ya mtsinjewu. Patangopita miyezi isanu, mu Epulo ndi Meyi 2020, madzi pa mathithi anapyola makiyubiki mita 4,000 pa sekondi. Utsi unakwera, Knife-Edge Bridge inanyowa usana ndi usiku, koma panalibe mlendo woti aone chifukwa cha mliri wa Covid-19.

Chaka cha 2024 chinabweretsa mayeso owawa kwambiri. Mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chili pofuna kumasula, ndipo dzuwa linaswa mtengo masabata otsatizana. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga, mwa 2.2 miliyoni amene anadzalidwa, ataonongeka. Malawi analengeza zomwezo mu Malichi, Zimbabwe mu Epulo. Anthu ambiri ankayembekezera kuti asayansi anena kuti ndi kusintha kwa nyengo. Gulu la World Weather Attribution, limene Otto anathandiza kuyambitsa ndipo limagwiritsa ntchito njira yoyerekeza mayiko awiri ija, linatulutsa zotsatira mu Epulo. Linapeza kuti gwero lalikulu la chilalachi linali El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo, ndi kuti m'zaka za El Niño mpata wa chilala chotere umawirikiza kawiri. Chizindikiro chomveka cha kusintha kwa nyengo pa kuchepa kwa mvula ya miyezi imeneyo sanachipeze.

Yankho limeneli ndi losavuta kulipotoza. Silikutanthauza kuti dziko silikutentha. Kutentha kukukwera kumwera kwa Africa, ndipo nthaka yotentha imataya chinyontho msanga ngakhale mvula itagwa yofanana. Likutanthauza kuti funso limene anafunsa linali lopapatiza, la mvula ya Disembala mpaka Febuluwale m'dera lakuti, ndipo anayankha zokhazo zimene umboni unawalola. Lilinso ndi phindu lake kwa mlimi, chifukwa El Niño amadziwika miyezi ingapo asanafike. Wa 2023 analengezedwa pakati pa chakacho, anthu asanagule mbewu. Chenjezo lotere likafika pa nthawi yake kwa mlimi wa kwa Mukuni kapena kwa Musokotwane, m'chilankhulo chake, akhoza kusankha mapira kapena chimanga chocha msanga.

Pali chinthu chimodzi chopweteka m'nkhani yonseyi. Ntchito ya makompyuta odzipereka imafuna magetsi osazima ndi intaneti yotsika mtengo. Kumapeto kwa 2024, mabanja ambiri a mu Zambia ankakhala maola ofika 21 patsiku opanda magetsi. Wometa tsitsi ku Maramba ankadikira pakati pa usiku kuti atchaje makina ake, ndipo wowotcherera zitsulo ankagona pashopu kuti magetsi akangobwera ayambe ntchito. Munthu wotere sangasiye kompyuta ikuyaka masabata atatu chifukwa cha sayansi, ngakhale atafuna. Motero mvula ya kuno imawerengedwa kwambiri ndi makompyuta a kumayiko ozizira. Zoyesa kusintha izi zakhalapo: Africa@home, imene CERN ndi yunivesite ya Geneva anathandiza kuyambitsa, inatsegula malariacontrol.net mu 2006 kuti iyerekeze mmene malungo amafalikira ndi mmene maneti, mankhwala ndi katemera angawachepetsere, matenda omwe aja anathamangitsa anthu ku Old Drift. Cholinga chinanso chinali choti asayansi a mu Africa aphunzire kuyendetsa okha mapulojekiti otere.

Mu Okutobala 2019, mwezi womwewo wa zithunzi za matanthwe ouma, World Community Grid, pulojekiti ina ya makompyuta odzipereka, inayambitsa Africa Rainfall Project mogwirizana ndi yunivesite ya Delft ku Netherlands. Apa mabokosi anachepetsedwa kwambiri kuti agwire mvula yamabingu ya pamalo amodzi, imene alimi ang'onoang'ono amadalira. Koma zotsatira zake zimayenera kuyerekezedwa ndi mvula yeniyeni, ndipo apa ndi pamene Africa amaperewera. Bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, lakhala likunena kuti malo oyezera nyengo mu Africa ndi ochepa kasanu ndi katatu poyerekeza ndi muyezo wofunika. Kompyuta ya munthu wa ku Toronto ikanena kuti ku Livingstone kunagwa mamilimita akuti tsiku lakuti, woitsimikizira kapena kuitsutsa ndi wantchito wa nthambi ya zanyengo amene anatsanula kachitini pabwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula m'mawa umenewo.

Makilomita pafupifupi 50 kumunsi kwa mathithi, m'chigwembe cha Batoka, Zambia ndi Zimbabwe akufuna kumanga damu lina la mamegawati 2,400. Nkhaniyi yakhala ikukambidwa kwa zaka makumi angapo. Anyamata amene amatsogolera alendo pa mabwato a mphira kuyambira pa Boiling Pot akudziwa kuti madzi a damulo adzamiza mafunde ambiri amene amawadyetsa, ndipo UNESCO, imene inaika mathithiwa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1989, yafunsa kuti madziwo adzabwerera mpaka pati. Damu la Batoka silidzakhala ndi nyanja yaikulu yosungira madzi ngati Kariba. Lidzadalira madzi amene akudutsa pa mathithi mwezi umenewo. Owerengera phindu lake ali ndi mapepala awiri patebulo. Lina ndi mndandanda woyamba mu 1907, wokhala ndi zaka zoonda, zonenepa ndi zoondanso. Linalo ndi mulu wa mayiko oyerekeza, ambiri akusonyeza Zambezi wochepa madzi pofika pakati pa zaka za zana lino, ena ochepa akusonyeza wochulukirapo.